Nsapato za Munthu Wotsika M'ndege

Loweruka, 3 Febuluwale 1973

Mvula chiyambire m'mawa. Jombo ya kumanzere yayasamanso, chala chachikulu chili pamtunda. Akuluakulu athu a polisi akuti zatsopano zikubwera. Anateronso chaka chatha.

Nkhani ndi ya ndege. Dzulo masana kandege ka kampani ina ya fodya kamachokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. M'katimo woyendetsa, mzungu, ndi munthu mmodzi wasuti amene anapempha kukwera nawo. Atafika pamwamba pa nkhalango ya Luwawa, wasutiyo anamugunda mzungu pakhosi ndi chinthu chonga mfuti chokulunga m'nyuzipepala, nati azungulire pomwepo ndipo asacheuke. Kenako anatsegula chitseko n'kudumpha ndi palachuti, chinsalu chotsikira m'ndege chija. Anali nacho m'sutikesi. Sanabe ndalama, anangotenga fulasiki ya tiyi ya mzunguyo. Mfuti anaisiya pampando. Atamasula nyuzipepala anapeza ndi chinangwa.

Ndinafunsa kuti mlandu wake ndi wotani, wotsika pasanafike pa siteji? Sajeni Chavula sanaseke. Akuti lamya ya ku Zomba yanena kuti ndi chigawenga, ndipo palachutiyo ipezeke, itumizidwe ku likulu. Womusunga munthuyo, ngakhale womupatsa madzi akumwa, nayenso ndi chigawenga. Kumene amapita oterowo tonse tikukudziwa, sitikutchula.

Tsiku lonse tikusaka m'mitengo ya paini. Pansi pa mtengo wothyoka nthambi tapeza phazi limodzi la nsapato, pachidendene pali nyenyezi. Sajeni alivindikira ndi beseni.

Lolemba, 5 Febuluwale

Dzulo lonse ndinalondera beseni. Ndinavala magambutsi obwereka kwa a zankhalango, jombo ndinazisiya kunyumba kuti ziume.

Lero lamulo latsopano: tivale zovala wamba kuti tisadziwike. Apolisi kuno tilipo atatu, ndipo ndi agalu omwe amatidziwa.

Kufunafuna jombo, palibe. Mkazi wanga Kezia akuti anapatsa munthu wovutika. Jombo za boma! Ndikuti ndimukalipire, iye n'kusolola nsapato pansi pa bedi. Zofiirira, zachikopa chenicheni, za ku Joni. Akuti, "Valani waka, a Bestone, mapazi anu avutika chomene." Zandikwana ngati anachita kundiyeza. Mkwiyo wathera pomwepo, mafunso nawonso. Chibadwire sindinavalepo nsapato yosaluma. Ndadutsa pamsika wa Champhira kangapo popanda chogula.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Mzungu uja akuti nkhope sanaiyang'anitsitse. Akukumbuka chipewa basi. Komabe ku boma kwabwera chithunzi chojambula ndi pensulo: maso awiri, mphuno, chipewa. Takhoma pamtengo. Mayi wina wa ku Engutwini wabwera akulira, akuti ndi mwamuna wake amene anatchona ku Joni. Atangochoka kwabwera wina. Onse akufunsa ngati wasiyako kanthu ka ana.

Tcheyamani wa chipani anafotokozera anthu kuti palachuti ndi ambulera yaikulu. Sajeni alamula kuti maambulera onse alandidwe kaye. Nyengo ya mvula ino. Ofesi yadzaza, ife tikulembera pakhonde.

Chodabwitsa: phazi la nyenyezi lapezeka pamsika. Latsopano, ndipo si limodzi. Munthuyo wazungulira msika kangapo. Mtima wake ndi wa mwala.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Nyenyezi paliponse. Kuchigayo, kumene tinakafunsa anthu Lachitatu. Kumlatho, kumene tinabisalira dzulo. Lero m'mawa pakhonde la ofesi penipeni. Sajeni akuti munthuyu akutitsata, ndipo ali ndi zitsamba zoopsa. Ayamba kuyenda ndi kanyanga m'thumba, chonsecho ndi mkulu wa mpingo.

Anyamata a chipani agwira a Lyford Zgambo, mphunzitsi wa Sitandade 6, chifukwa chaka chatha anajambula ndege pabolodi. Tawatsekera limodzi ndi maambulera. Munthu wofatsa, woopa ndi kukwera njinga komwe. Zandikhudza.

Kunyumba Kezia ali kalikiliki. Lamulungu la pa 18 amuveka yunifolomu ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo, kwathu ku Ntchisi timati Mvano. Wadikira zaka chifukwa chosowa nsalu yoyera ya bulauzi, ndipo vutolo linali langa, malipiro safika. Tsopano akuti nsalu yapezeka, yokwanira gulu lonse. Mulungu ndi wabwino. Tiyi masiku ano akumandisungira wotentha mpaka madzulo, sindikudziwa akuchita bwanji.

Loweruka, 10 Febuluwale



Ndinaiwala wezulo, n'kubwerera kunyumba. Pamatope a pakhomo, nyenyezi. Zotuluka m'nyumba mwanga. Ndinathamanga kuti ndikaone ngati Kezia ali moyo, ndipo pocheuka ndinaona zina zolowa, zikundithera kumapazi. Ndinakhala pakhonde, n'kuvula nsapato, n'kuitembenuza.

Sabata yathunthu ndikudzisaka ndekha. Ndani amayang'ana kunsi kwa nsapato yake?

Kezia wafotokoza osatekeseka, uku akusenda mbatata. Lamulungu lija ndili ku beseni kunafika mlendo wonyowa, akutsimphina, atasenza mtolo. Anapempha madzi. Anamupatsa madzi, mpando ndi chakudya. Ndinafunsa dzina lake. Akuti kwawo kuno mlendo safunsidwa dzina asanadye. Nanga atadya? Akuti atadya anapemphera pemphero lalitali lokoma, ndipo munthu woti wakupempherera sungayambe kumufunsa ngati wapolisi. Anangonena kuti ndi mwana wa konkuno, wabwera kudzaona manda a mayi ake, ndipo misewu ili ndi mafunso ambiri. Anapempha jombo zanga, nasiya zake. Pothokoza anasiya mtolo ndi fulasiki.

Fulasiki ili pashelefu. Ndamwera tiyi wake sabata yonse.

Ndinati tiotche nsaluyo lero lomwe. Akuti iti? Telala anaidula kale. Ili m'nyumba za amayi a gulu lonse, ya mkazi wa Sajeni ndi ya mkazi wa tcheyamani zomwe. Zingwe zake akuyanikira zovala.

Akadziwa, amutenga Kezia. Ine andichotse ntchito, andimange, chabwino. Koma Kezia ayi. Ndili ndi mantha amene sindinakhalepo nawo.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Dzulo ndinapempha kukafufuza ndekha. Ndinayenda ndi nsapatozo mpaka ku damu la Luwawa, ndikuponda dala pofewa kuti nyenyezi zioneke bwino. Pamphepete ndinavula, n'kuikamo miyala, n'kuponya. Fulasiki pambuyo pake. Ndinalira, ndisabise. Nsapato zokhazo zimene zinandikondapo. Pobwera ndinadzera m'maudzu wopanda kanthu kumapazi, minga mpaka m'mtima.

Lero ndinawatsogolera Sajeni kumeneko. Atawona mapazi akuthera m'madzi anavula chipewa. Akuti chigawenga chaona kuti tachipanikiza, chadziponya. Alemba lipoti lalitali, dzina lawo lili m'ndime iliyonse. A Zgambo atulutsidwa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti yewo chomene, ine osatha kuwayang'ana kumaso.

Sajeni anafunsa za nsapato zanga zokongola zija. Ndati zinayamba kuluma.

Lachisanu, 16 Febuluwale

Sizinathe. Ku Zomba akuti mtembo ungamire, koma palachuti ipezeke. Atumiza Insipekitala Matewere, wamtali, wosaseka, amalankhula motsitsa ngati akuwerengera munthu masiku. Akuti sachoka nsaluyo isanaoneke. Ndi munthu wopemphera, Lamulungu adzakhala nafe m'tchalitchi.

Ndamugwadira Kezia. Ndati adwaleko tsiku limodzi lokha, malungo ngakhale dzino. Wakana. Akuti wadikira zaka zonsezi akukhala kumbuyo ndi chitenje pamene anzake ali kutsogolo ndi zoyera, ndipo sanabe kanthu. Akuti, "Nsalu yafuma kuchanya, mbwenu ndikane ine ndine njani?" Yachokera kumwambadi, pamenepo sindingatsutse.

Bulauzi yapachikidwa pamsomali, ikuwala ngakhale chitseko chili chotseka. Sindikudya.

Lamulungu, 18 Febuluwale

Amayi analowa pamzere akuimba. Mbee tchalitchi chonse. Nsaluyo imachita kulira akamayenda. Kumsana kwa mayi Chavula kukuoneka manambala akuda, telala anayesa kuwapindira m'kati koma anakana. Insipekitala pampando wakutsogolo, maso ali pa iwo, osaphethira. Ine thukuta mpaka m'magambutsi. Ulaliki sindinaumve.

Kezia atavekedwa nkhope yake inali ina. Sindinamuonepo wokondwa chotero, ngakhale tsiku la ukwati wathu. Ndinaganiza kuti mwina ndikumuona komaliza.

Titatuluka Insipekitala analunjika kwa iye. Anapempha kugwira mkono wa bulauzi. Anaipekesa ndi zala, naiyang'ana padzuwa, nthawi yaitali. Kenako anafunsa kumene anaigula. Kezia anagwada n'kunena kuti ndi mphatso ya mlendo. 

Insipekitala anapumira m'mwamba. Akuti mkazi wawo nayenso ndi wa Mvano, ndipo wasakasaka nsalu ngati imeneyi m'masitolo onse a ku Limbe osaipeza. Kodi yatsalako?

Lolemba, 19 Febuluwale

Inatsalako. Kezia waisita, waikulunga bwino, wawonjezapo mbatata. Insipekitala akuti nkhalango ndi yaikulu, palachuti mwina inamira ndi mwini wake, atseka nkhani. Phukusilo ndalikweza ndekha m'galimoto ya boma, Sajeni akuchitira sawasha.

Lamulo linati palachuti ipezeke, itumizidwe ku Zomba. Yapita.

Maambulera tabweza, aliyense watenga imene yamukomera. Chinangwa chafumbwa m'kabati. Chithunzi chikadali pamtengo, mvula yafufuta chipewa, ndipo tsopano chikufanana ndi Sajeni.

Kezia akuimba kuseri kwa nyumba. Ndamufunsa ngati mlendo uja atadzabweranso angamufunse dzina. Akuti adye kaye.

A zankhalango akufuna magambutsi awo mawa. Penapake pali munthu akuyenda ndi jombo zanga, ndipo mvula yayambanso. Ya kumanzere imalowa madzi. Kezia akuti anamuuza.