Chitsekero cha mu Ekizozi ya Achimwene

Lamlungu, 1 Okutobala

Chilimwe chija ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Achimwene a Katsutoshi atangodula ekizozi ya njinga yawo yamoto ndi sowo. Ine m'chipinda, thonje m'makutu, kuwerengera mayeso. Amayi kukhitchini akudula ndiwo. Phokoso likangoyambira ku mlatho, mpeni unkaima. "Ali moyo," ankatero, n'kupitiriza kudula. Ine ndinakhoza mayeso onse mpaka ku yunivesite, koma mpeni umenewo sindinauimitsepo.

Lero zomwezo. Achimwene omwewo, bambo wa zaka makumi asanu ndi zitatu, mimba itatsamira pathanki, tsitsi lopaka utoto. Njinga ina, chibwana chomwecho. Amayi, amene sabata yonse sadziwa ngati adya kapena ayi, anadzuka okha n'kuyamba kufuna chipeso. "Pepani bambo, mungateleke madzi? Mwana wanga wafika."

Bambo akuwanenawo ndine. Zaka zitatu kuwasambitsa, kuwawenga zala, kuwerenga mapilitsi. Ndinasiyira iwo ntchito ku Tokyo.

Achimwene anakhala mphindi makumi anayi. Anabweretsa timikate ta nyemba zotsekemera togula m'njira. Kwa ine: "Profesa, ukadali kutola nsabwe m'mabuku a eni?" Kukonza zolakwika m'mabuku a sukulu amakutchula choncho. Ndinaseka nawo. Ndimaseka nawo nthawi zonse.

Lachitatu, 4 Okutobala

Ndalemba kalata kwa a Tsurumaki, wapampando wa msewu wathu. Yopanda dzina, yotayipa. Ndinailemba katatu kuti ulemu ukwane. "Okalamba ndi makanda akusowa mtendere." Mumsewu muno khanda lomaliza linakwatiwa chaka chatha.

Palibe bodza lalikulu. Phokoso ndi phokoso.

Lachisanu, 6 Okutobala

Thabwa la zidziwitso lozungulira nyumba ndi nyumba lafika. Pakati pa tsiku lotaya mabotolo ndi za katemera: pempho kwa "onse obwera ndi njinga zamoto". Onse! Kuno imabwera imodzi. Zidindo khumi ndi chimodzi zadindidwa kale, aliyense kudinda mwakachetechete n'kupatsira mnzake, ngati sakudziwa amene akunenedwa. Amantha aulemu. A Tsurumaki akopera chiganizo changa n'kulakwitsamo chilembo.

Ndadinda chathu. Thabwa limayenera kupita tsiku lomwelo. Ndalisiya patebulo, lidikire Lamlungu.

Lamlungu, 8 Okutobala

Achimwene anawerenga thabwa lija ndi chala, milomo ikuyenda. Khosi linafiira. Ndimayembekeza kuti atukwana, apite panja akalize injini dala, msewu wonse uone chimene ine ndakhala ndikuona.

Ayi. Anatsika wapansi kusitolo, n'kubwera ndi mabokosi khumi ndi limodzi a mabisiketi a mpunga. Khomo ndi khomo, chipewa m'manja, kuwerama mpaka dazi kuonekera pansi pa utoto uja. Ndinaonera pawindo. Munthu wofolera nyumba, maondo ake olira aja, kuwerama kwa mayi Kaneko amene galu wawo amauwa tsiku lonse.

Pobwera: "Ine ndimabwera n'kupita, Fumi. Okhala ndi anthuwa ndi iwe ndi amayi." Kenako: "Ndi nkhalamba ya Tsurumaki ija, ndikuidziwa." Ndinati mwina.

Loweruka, 14 Okutobala

Amayi kumalo osamalira okalamba mpaka madzulo. Ine kwa achimwene, pabwalo la matailosi awo, kukathandiza kuika chitsekero chochepetsa phokoso mu ekizozi. Anandiitana okha. "Bwera ndi digiri yako udzagwire tochi."

Kanthu kake kachabechabe. Kachubu kachitsulo ka mabowomabowo, kutalika ngati chikhatho. Anakakulunga ndi thonje lagalasi, kumanga ndi waya, kubowola kunsi kwa ekizozi, kukalowetsa ndi nyundo yamphira. Bawuti imodzi, sipanala ya teni. Zaka makumi atatu ndi zisanu za uchamuna wawo, bawuti imodzi. Manja akundiyabwa mpaka pano.

Ndinayeza phokoso ndi foni. Isanatsekedwe 99, itatsekedwa 84. Anazungulira nayo kawiri. "Ponyamuka ikukoka bwino, koma pamwamba ikubanika. Imva wekha, makina osokera enieni." Anaisisita pathanki ngati akupepesa.

Ndinabwerera pabasi ndili wokondwa. Ndilembe momwe zilili: wokondwa.

Lamlungu, 15 Okutobala

Ndinangomva miyala ya pageti. Amayi ali phee pampando, tsitsi losapesa.

Analowa ndi mawu awo aakulu aja, "Mayi, ndabwera!" Amayi anawerama pang'ono. "A gasi eti? Mita ili kuseri." Achimwene anaseka. Amayi osaseka. Timikate anakana, akuti salandira zakudya kwa alendo.

Achimwene anakhala maola awiri, koyamba chiyambire. Pageti: "Matendawa angathamange chonchi sabata imodzi?" Ndinati adokotala ananena kuti zimatero.

Achimwene sadziwa. Angadziwe bwanji? Nthawi zonse amapeza amayi atapesa kale, kapu zili patebulo. Zimene zimachitika phokoso likayamba ku mlatho amaziona ndi ine ndekha. Nkhope amayi anaiwala kalekale, ya iwo ndi yanga yomwe. Chinatsala ndi khutu.

Masana kunali zii. Ndinakonza masamba makumi anayi. Tsopano tonse ndife alendo, ndinaganiza, zafanana. Ganizo la munthu wophunzira limenelo.

Lachinayi, 19 Okutobala

Amayi mpunga asiya theka. Msuzi sanaukhudze. Ndinapeza pa intaneti kulira kwa njinga n'kuwaikira pafupi. "Zimitsani wailesi, bambo." Injini ina. Amasiyanitsa.

Lamlungu, 22 Okutobala

Kuyambira m'mawa ali pawindo. Achimwene anafika, kukhala pambali pawo, kuwasendera peyala. Cha m'ma 12 amayi anatembenukira kwa iwo: "Bambo, inu mwadzera ku mlatho? Simunamve za ngozi? Mwana wanga sachedwa chonchi."

Achimwene anapita kuchimbudzi, n'kutsegula mpopi nthawi yaitali.

Pochoka: "Sabata yamawa mwina ndisabwere. Ndikungowaopseza." Njinga anaikankha mpaka pakona asanailize. Chitsekero chili m'kati, komabe kukankha. Chitsiru chomvera.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Sikelo ya pamalo osamalira: atsika kilo imodzi ndi theka. Namwino anafunsa ngati pasintha china kunyumba. Ndinati palibe.

Ndayesa njira zachidule. Kungowauza achimwene kuti chotsani chitsekerocho. Sangachotse. Munthu amene anawerama pa makomo khumi ndi limodzi sabweza mawu, ngakhale ndifotokoze za mlatho; adzati anthu anadandaula, amayi sangakhale pakati pa anthu okwiya. Pokhapokha adziwe kuti anthuwo ndi munthu mmodzi, wa digiri, wogwira tochi.

Ndinayesa kunena pagalasi. Ndinafika pa "Achimwene" n'kuyamba kukonza chiganizo. Moyo wanga wonse ndi umenewo. Iwo amalakwitsa mokweza, ine ndimalakwitsa motayipa.

Lachisanu, 27 Okutobala

Amayi anafunsa kanayi za ngozi. Kachinayi anandigwira mkono. "Inu mukuoneka munthu wabwino. Mungakandionere?"

Ndagula sipanala ya teni. Achimwene ali nazo zisanu, ndikudziwa.

Loweruka, 28 Okutobala

Pabwalo la achimwene, ndakhala pamulu wa matailosi. Njinga ili apo, yofundidwa lona. Akuti mawa sabwera ndithu.

Pakamwa sizituluka. Ndang'amba masamba a m'buku langa lino kuyambira pa 1 Okutobala, ili likhala lomaliza. Sindikonza kalikonse, ngakhale za mimba ndi dazi, ngakhale "chitsiru". Awerenge ndi chala chawo chija, ndidikira. Akandimenya ndiye kuti andimenya. Bola mawa pofika 10 koloko zimveke kuchokera ku mlatho.

Makomo khumi ndi limodzi aja ndiyenda ndekha madzulo ano. Mabokosi ndagula kale.

Akusamba m'manja pampopi. Andiona ndikulemba. "Profesa, ndi kalata yachikondi imeneyo?" Ndipinda kanayi, sipanala m'kati. Akupukuta manja pa thalauza. Atambasula dzanja