Manda a Nyamanda ndi Mabenchi a Komiti

KOMITI YA MALIRO YA CHIPUTULA, MZUZU
Zolembedwa za msonkhano wadzidzidzi

Tsiku: Lachinayi, 15 Julaye 1976
Malo: Chipinda cha kuseri kwa sitolo ya Che Rajab Isaka

Opezeka:
Bambo Blackson Chiumia, Wapampando
Mayi Winifred Longwe, mtsogoleri wa amayi
Bambo Frackson Msiska, mkulu wa adzukulu okumba manda
Che Rajab Isaka, wosunga katundu wa komiti
Bambo Yona Ziba, Mlembi

Woitanidwa: Bambo Overtoun Nyirongo, namfedwa. Anadikira panja mpaka pamfundo yachitatu.

Osapezeka: Mayi Marjorie Mphande, ali kusiwa chifukwa thupi silisiyidwa lokha. Bambo Percy Gondwe anatumiza mawu kuti mwendo watupa. Mlembi anawaona m'mawa akupalasa njinga kulowera ku Katawa, koma mwina unatupa pambuyo pake.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Mayi Longwe anapemphera. Wapampando anati zolembedwa za msonkhano wapita ziwerengedwe tsiku lina, ndipo anapempha kuti chitseko chitsekedwe. Mlembi anatsekanso zenera ngakhale sanauzidwe.

2. IMFA YA MAYI LETTIE NYIRONGO

Wapampando anati tonse tamva kuti Mayi Lettie Nyirongo, amene timawatcha Nyamanda, anatisiya dzulo m'mawa atadwala chibayo. Anati kwawo ndi ku Usisya, koma galimoto yokafika kumeneko sinapezeke, choncho ayenera kuikidwa konkuno mawa. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, anakwatiwa ku Zambia. Amutumizira telegalamu koma yankho silinabwere.

Wapampando anati vuto ndi lakuti amayi adzaza m'nyumba, koma panja palibe mwamuna ngakhale mmodzi, ndipo adzukulu sanatenge makasu.

Bambo Msiska anati adzukulu sakumba. Anati maliro n'kulirana, ndipo lamulo la komiti ino ndi lodziwika: amene sakhala pa maliro a anzake, ake akhale nawo yekha. Anati a Nyirongo akhala mu Chiputula zaka zisanu ndi zinayi osagwirapo khasu kumanda. Anati pamene Elizabeth, mwana wa a Msiskawo, anamwalira, a Nyirongo anangofika, kukhala pang'ono ngati akudikira basi, n'kubwerera.

Mayi Longwe anafunsa kuti, "Kodi wagona pamphasa uja ndi Overtoun kapena ndi Lettie? Imwe a Frackson, tiyi wa Nyamanda mwamwa kangati muli m'dzenje? Nanga Elizabeth wanuyo anamusambitsa ndani?"

Bambo Msiska anati za Nyamanda sakukana, anali mayi wabwino chomene, koma manda amapempha ndi mwini nyumba, ndipo mwini nyumbayo alibe pakamwa popemphera. Mayi Longwe anati ngati amuna atopa, amayi amanga zitenje n'kukakumba okha, Mzuzu yense adzaonerere. Wapampando anawapempha kuti atsitse mawu.

Che Rajab anati iwo ndi obwera, ndiponso maliro a Chisilamu amayenda mwa njira ina, koma aloleni anene chimene aliyense akuchizungulira. Anati amuna sakuthawa chifukwa cha lamulo lokha. Akuopa. Ena amati a Nyirongo ndi kazitape. Ena amati ku ofesi kwawo, kanyumba kopanda chikwangwani ka pachitunda kamene kali ndi mawaya aatali, kumamveka nyimbo za mayiko oletsedwa. Anati munthu sudziwa ngati ukhala pafupi ndi wogwira anthu kapena ndi wodzagwidwa, ndipo zonse ziwiri n'zoopsa. Anapempha kuti mwini wake alowe adziyankhire.

Onse anavomera. Mlembi anatumidwa kukawaitana. Anawapeza ataima pansi pa denga la sitolo, mvula yowaza itawanyowetsa phewa limodzi.

3. MAWU A BAMBO NYIRONGO

Bambo Nyirongo analowa, napereka moni m'Chitumbuka kuti, "Monile mose." Wapampando yekha ndiye anayankha. Anapatsidwa mpando koma anakhala pa thumba la mchere.

Anati analumbira kuti sadzanena za ntchito yawo, ndipo mkazi wawo yekha ndiye ankadziwa. Anati lero anena zochepa, chifukwa thupi silingadikire lumbiro.

Anati boma linawalemba ntchito yomvera mawayilesi a mayiko a chikomyunizimu, makamaka Rasha ndi Tchaina, amene amaulutsa m'Chingelezi ndi m'Chiswahili. Anati Mzuzu ndi pamwamba, mawu akutali amafika bwino.

Apa Mlembi anaimika cholembera n'kufunsa ngati mayina a mayikowa alembedwe. Che Rajab anati mayinawa ali pa mapu a kusukulu ndipo palibe amene anamanga mapu. Wapampando anati alembedwe. Mlembi walemba chifukwa wauzidwa. Mlembi sanapiteko ku mayiko amenewa, alibeko mbale, ndipo wayilesi yake inafa chaka chatha.

Bambo Nyirongo anati anthu amaganiza kuti mayiko awiriwa ndi amodzi, pamene amadana ngati akazi a pamitala, ndipo asilikali awo anawomberanapo pamtsinje wa m'malire. Anati ntchito yawo ndi kuyeza kuti wamphamvu ndani. Amalemba zimene aliyense akudzitama nazo: tirigu, mpunga, chitsulo, mafuta, akasinja, ndege zankhondo ndi mizinga. Kenako amachotsapo bodza, n'kuona chotsala. Amayang'ananso kuti ndani akupereka mfuti kapena kumanga njanji m'mayiko otizungulira, kuti akuluakulu adziwe mphepo ikuchokera kuti.

Bambo Msiska anafunsa kuti bodza la munthu amene sunamuone umalichotsa bwanji.

Bambo Nyirongo anati sumvera zimene akunena zokha, umamvera zimene asiya kunena. Anati wayilesi ikamatama chitsulo mwezi wonse wokolola osatchula tirigu, ndiye kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Ikati zokolola ndi zokhutiritsa, osapereka nambala, ndiye kuti kwagwa chilala. Anati chaka china anaona Rasha yakhala chete pa tirigu, analemba kuti agula chakudya kunja, ndipo patapita miyezi zinamveka kuti agula kwa Amereka, adani awo. Anati dziko lingathe kukhala ndi akasinja osawerengeka koma anthu ake n'kumaima pamzere wa buledi.

Che Rajab anafunsa ngati akuluakulu anawayamikira. Bambo Nyirongo anati malipoti amapita ku likulu m'thumba lomata, ndipo chimene chimabwerako ndi thumba lomwelo lopanda kanthu. Anati bwana wawo samudziwa nkhope. Sadziwa ngati pali amene amawerenga. Anati dzulo anaimba foni kunena za imfa, anauzidwa kuti apume masiku a maliro, koma ofesi singatumize munthu kapena nkhata ya maluwa, chifukwa pamapepala ofesi imeneyi kulibe.

Wapampando anati zonsezi tamva, koma funso ndi la maliro a anzawo.

Bambo Nyirongo anati mawayilesi akutaliwo amamveka bwino kuyambira dzuwa likalowa mpaka m'bandakucha, nthawi yomwe amuna amakhala pa maliro, ndipo m'chipindamo amakhala okha, palibe wowalandira. Anatinso anachenjezedwa kuti asamakhale pagulu pamene amuna akucheza, kuopa lilime. Anati za m'Chiputula sanalembepo ngakhale dzina la galu. Ntchito yawo imayambira kutsidya kwa malire.

Anatembenukira kwa Bambo Msiska nati, "Adada Msiska, tsiku la Elizabeth ndinathawa ntchito, ndinabwera ndi nkhuni pamutu. Nditakhala pabenchi, nkhani zonse zinazima. Wina anati akukakodza, wina anati akukaona mbuzi. Ndinatsala ndekha ndi moto. Ndinaona kuti ndikukuthamangitsirani olira, ndiye ndinachoka kuti abwerere. Anabwerera kodi?"

Bambo Msiska anavomera kuti anabwerera.

Mlembi analipo tsiku limenelo. Za mbuzi anazimva, koma sakukumbukira bwino amene ananena, ndipo sakuona chifukwa cholembera dzina.

Bambo Nyirongo anati kuyambira pamenepo anagwirizana ndi mkazi wawo kuti iyeyo azipita m'malo mwa onse awiri. Anati Nyamanda akabwerako ankawafotokozera zonse, amene analalikira, nyimbo zimene zinaimbidwa, amene anakomoka, ndipo iwo ankamvetsera ngati wayilesi yokhayo yonena zoona. Anati, "Ndimadziwa mvula ikachedwa m'minda ya ku Rasha, koma za kuseri kwa mpanda wanga ndinkamva kwa Lettie. Kuyambira dzulo pabwalo panga pali zii. Ntchito yanga ndi kumasulira zii, ndiye musavutike kundifotokozera. Ndingopempha dzenje. Ngati adzukulu akana, mundibwereke khasu ndi piki, mundilozere malo."

Mayi Longwe analira. Wapampando anapempha Bambo Nyirongo kuti akadikirenso panja.

4. CHIGAMULO

Mayi Longwe anati nkhani yatha, amuna anyamuke. Bambo Msiska anati mtima wawo wamva, koma iwo sangakakamize anyamata kukhala pafupi ndi munthu amene makutu ake ndi a boma ndipo mutu wake wadzaza Rasha. Anati mawa wina akamangidwa mu Chiputula, anthu adzati zinayambira pamoto wa a Nyirongo. Kapena a Nyirongo akagwidwa chifukwa cha zimene anena lero, adzafunsa kuti anakhala nawo ndani.

Che Rajab anati dzenje lili kumanda, silili kunyumba ya a Nyirongo, ndipo khasu silicheza.

Wapampando anati lamulo lisathyoledwe, komanso Nyamanda asachititsidwe manyazi. Itakambirana kwa nthawi, komiti inagwirizana izi:

(a) Adzukulu akumbe manda mawa m'mamawa ndi kunyamula bokosi, chifukwa cha ntchito za Nyamanda, osati chifukwa cha mwamuna wake.
(b) Amayi apitirize kukhala kusiwa.
(c) Komiti situma mwamuna aliyense kukakhala panja ndi namfedwa. Amuna akumane kumanda.
(d) Zimene Bambo Nyirongo anena zisatuluke m'chipinda chino.

Mayi Longwe anapempha kuti zilembedwe kuti mfundo (c) sakugwirizana nayo, ndipo kuti amuna a Chiputula ali ndi mitima ya nkhuku. Wapampando anati gawo loyamba lokha lilembedwe, koma Mlembi anali atalemba kale ndi inki.

Bambo Nyirongo anaitanidwa n'kuuzidwa chigamulo. Anaimirira, anawomba m'manja pang'ono mothokoza nati, "Yewo chomene. Lettie wadzikumbira yekha manda ake." Anafunsa ngati angapite, chifukwa moto anausiya wopanda woyang'anira. Anatuluka okha.

5. ZINA NDI ZINA

Che Rajab anafunsa za mabenchi anayi a komiti ndi nyali ya parafini. Anati mwambo ndi wakuti katunduyu amapita pa maliro alionse a membala, ndipo Nyamanda anali membala. Bambo Msiska anaseka nati mabenchi opanda okhalapo akatani kumeneko. Wapampando anati apite ndithu, mwambo ndi mwambo.

Mlembi anapempha kulankhula. Anati ali ndi nkhawa ndi mabenchiwo. Anakumbutsa komiti kuti chaka chatha benchi limodzi linasowa pa maliro a ku Msongwe, ndipo lina linanyowa mpaka kupindika. Anati nyengo ino ndi yozizira, nkhuni zikusowa, munthu angathe kuwaza benchi. Nyalinso galasi lake ndi losachedwa kusweka. Anati katundu wa komiti sangagone panja popanda womuyang'anira.

Wapampando anafunsa kuti ayang'anire ndani, popeza mfundo (c) yadutsa kale.

Mlembi anati nyumba yake ndi ya a Nyirongo zalekanitsidwa ndi mpanda wa maluwa basi. Anati kunyumba kwake kulibe womudikira chichokereni mayi a kunyumba kupita kwawo ku Rumphi, ndipo tulo sabwera kale. Anati zaka zonsezi Nyamanda ankamupatsira mpiru pamwamba pa mpandawo, koma ndi mwamuna wake sanapitirirepo pa "Mwawuka uli." Anati m'mawa uno anasuzumira, anaona nkhuni zowazidwa mulu waukulu, wokwanira amuna makumi awiri, ndi mpando umodzi.

Bambo Msiska anati, "A Ziba, imwe amene mumatseka zenera mphemvu ikadutsa?"

Mlembi anati mantha ali nawo ndithu. N'chifukwa chake akupempha kuti zilembedwe momveka bwino, kuti aliyense wodzawerenga adziwe: Mlembi akupita kukayang'anira mabenchi ndi nyali. Sakafunsa za tirigu kapena akasinja. Ngati namfedwa akhala pa benchi lomwelo, Mlembi sangamuthamangitse, chifukwa ndi pakhomo pake. Ngati namfedwa afuna kumva za maliro akale a mu Chiputula, amene analalikira ndi nyimbo zimene zinaimbidwa, Mlembi angathe kuyankha, popeza zimenezo si zachinsinsi.

Wapampando anayang'ana Mlembi nthawi yaitali nati, "Lembani choncho."

Che Rajab anati apereka wilibala yonyamulira, ndiponso masamba a tiyi ndi makapu awiri, chifukwa woyang'anira mabenchi amamva ludzu. Mayi Longwe anati bulangete atumiza. Bambo Msiska anati benchi lalitali lija ndi lolemera, munthu mmodzi sangalikweze pa wilibala, choncho agwira mbali imodzi mpaka pa mpanda, koma salowa.

6. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka loyamba la Ogasiti, malo omwewa. Che Rajab anatseka ndi pemphero la kwawo. Wapampando anatseka msonkhano 4 koloko madzulo, ndipo anauza Mlembi kuti asayine msanga, mvula isanakule, mabenchi angamunyowere m'njira.

B. Chiumia
Wapampando

Y. Ziba
Mlembi, ndiponso woyang'anira mabenchi