Abambo Awasudzula Ine Ndili pa Nyenyezi

Amayi anga, kumeneko mukupezako bwanji?

Ndine Chisomo, mwana wanu wachisamba. Ndikulemba ndili ku Champiti, osati kwathu ku Tsangano, ndipo chifukwa chake ndikuuzani. Ndiyambe ndi zabwino. Kachewere wachita bwino chaka chino, ngakhale chiwawu chinagwira munda wakumtunda uja. Mng'ono wanga Tadala wabereka mwana wamkazi ndipo wamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe, musakane.

Ntchito ija munkaitcha kuweta nyenyezi ndikadali nayo ku yunivesite ku Joni. Pali mlalang'amba wina woyandikana ndi wathu umene ukubala nyenyezi mothamanga kwambiri. Ine ndimafufuzamo magulu a nyenyezi zobadwira pamodzi, pogwiritsa ntchito zithunzi za telesikopu. Fumbi la kuthamboko limabisa magulu ambiri, moti ndimaswera pakompyuta mpaka maso kuwawa. Magulu ambiri sakhalitsa. Mtambo wa fumbi umene unawabala ukauluzika, nyenyezi iliyonse imalowera kwake. Kale zimenezi ndinkangolemba osamva kanthu, koma chimwalirireni inu zimandiliza.

Nkhani yeniyeni ndi ya abambo. Amalume anaika tsiku lowasudzula ine ndili pakalikiliki womaliza kafukufukuyu. Ndinkayesa ndi mwambo chabe, kuti awamasula koma akhalabe m'nyumba yamalata imene anamanga ndi thukuta la kumigodi. Nditafika ndinapeza katundu wawo ali m'matumba. Amalume akuti mkamwini, mkazi akamwalira, alibenso chokhalira pamudzi. Ndinachonderera mpaka kugwada, koma sanasunthike. Paja abambo akadandaula za mchere mundiwo munkawaseka kuti, “Mlendo ndi mame.” Inu munkanena zocheza, Amayi.

Dzulo ndinawaperekeza kuno kwawo, kumene anzawo onse ali kumanda ndipo ana amawayang'ana ngati munthu wosochera. Anatenga chikhoti, wailesi ndi khasu lanu. Tisananyamuke anapita kukakutsanzikani, nazula udzu pamanda panu mosafulumira. Pobwerera anandifunsa ngati tsiku lawo likadzafika adzaloledwe kugona pafupi nanu. Mtima ukundipweteka mpaka pano.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti sindikwera basi ya ku Joni ndisanakhalenso pansi ndi amalume. Nyumba atenge, koma malo a pambali panuwo awasiyire abambo.

Ndine mwana wanu,
Chisomo