Munaimbadi, Achimwene?

LACHIWIRI

Chitsiriza, 14:06
achimwene shopu yachitatu ino, buledi wopanda gluten kulibe. mayi wa pa shelefu wandipatsa wa bulauni akuti ndi chimodzimodzi

Achimwene, 14:09
kkkk tauni yonseyi yalephera kudyetsa mlendo mmodzi? tinakulira mbale imodzi iwe, zachizungu izi unazitola kuti

Chitsiriza, 14:10
kuchipatala. tirigu akangolowa mmimba mwanga ndimagona masiku awiri, mukudziwa

Chitsiriza, 14:31
[chithunzi]
ndapeza ufa wa mpunga ndi mabisiketi. anazibisa shelefu ya pansi, kuseri kwa zakudya za agalu

Achimwene, 14:40
bho. koma usaphike, madzulo ndikutengera kokadya. mawa ukalowe intavyu nkhope ili yowala

Chitsiriza, 14:42
plz muwaimbire kaye. mufunse ngati tchipisi amakazinga mmafuta akeake, osati momwe amakazingira nkhuku yopaka fulawa. kanyenyeswa kokha kamandigwetsa

Achimwene, 14:44
ok

Chitsiriza, 16:20
mwaimba?

Chitsiriza, 16:52
achimwene?

Achimwene, 17:05
ndaimba. akuti mafuta ndi osiyana. konzeka 6

Chitsiriza, 17:06
zkm kwambiri. ndiye lero ndidya ngati munthu

LACHITATU

Chitsiriza, 06:48
mwapita kale kuntchito? mmimba mukupotokola, ndalowa kuchimbudzi kanayi. alamu andiwiritsira madzi

Chitsiriza, 06:50
mwina ndi mabisiketi aja, sindinawerenge bwino paketi. ujeni wanga womwewu, kupupuluma

Achimwene, 07:12
mwina

Chitsiriza, 07:13
pepani ndakudetserani kubafa. inu munayesetsa mbali yanu

Achimwene, 07:31
usapepese

Achimwene, 07:44
ndafufuza. kuli shopu kuseri kwa positi ofesi, ili ndi shelefu yonse ya gluten free, buledi ndi pasita yemwe. palinso kokadya kwina pafupi ndi chipatala chachikulu, khitchini yawo fulawa salowa. tipita lero

Achimwene, 07:45
ndipemphe bwana ndidzakuperekeze?

Chitsiriza, 08:15
musavutike, ndakwera kale minibasi. intavyu ndi 9. mundipempherere

Achimwene, 09:58
zayenda?

Achimwene, 10:40
[munaimba, sanayankhe]

Chitsiriza, 11:22
[uthenga wa mawu 0:41]

Achimwene, 11:25
ndili mu miting sindingamvere. lemba

Chitsiriza, 11:29
ndatuluka kawiri mafunso ali mkati. nditabwerera kachiwiri anali atatseka kale mafaelo, akuti tikuimbirani. ntchito imeneyi ndaidikira chaka chathunthu achimwene

Achimwene, 11:30
pepa mlongo wanga. pepa ndithu

Chitsiriza, 11:47
paketi ya mabisiketi ndinali nayo mchikwama. ndawerenga mzere ndi mzere, mulibe tirigu. ndiye ndi tchipisi. anakunamizani anthu aja

Chitsiriza, 11:48
ndatsika pa siteji ya kumene tinadya dzulo kuja, ndikukaonana ndi manijala. anayankha foni ndi mwamuna kapena mkazi? inali nthawi yanji?

Achimwene, 11:49
zisiye, pita kunyumba ukagone

Chitsiriza, 11:50
ayi. lero ndine, mawa adwalitsa mwana wa wina. wabodzayo adziwike basi, kaya amuchotsa ntchito ndi zake

Chitsiriza, 11:53
ndili pakhomo lawo lolowera. mwamuna kapena mkazi?

Achimwene, 11:54
[uthengawu wafufutidwa]

Achimwene, 11:55
usalowe

Achimwene, 11:58
sindinaimbe

Achimwene, 12:01
nambala ndinaitsegula, foni ili mmanja. koma muofesi munali anzanga, ndinachita manyazi kuti andimve bambo wamkulu ndikufunsa za mafuta a tchipisi. ndinati ndiimba ndikatuluka, ndinaiwala. utafunsanso ndinangoti ndaimba

Achimwene, 12:03
ndinenenso zoona zonse. mumtima ndimaganiza kuti umakokomeza matendawa. dzulo ukudya ukuseka ndinati si izi, ali bwinobwino

Achimwene, 12:04
chimmawa chija ukupepesa za kubafa ine mtima ukundiwawa, pakamwa panalemera. ndakulakwira kwambiri

Achimwene, 12:19
[munaimba, sanayankhe]

Achimwene, 12:20
ndikalankhula nawo a intavyu aja, ndikawauza kuti wolakwa ndine

Chitsiriza, 12:46
mukawauze chani, kuti mlongo wanga ndinamutsegula mmimba? zisiyeni

Chitsiriza, 12:49
mukanangoti sindinaimbe, ndikanaitanitsa mpunga woyera ndi dzira lowiritsa, tikanaseka nkumapita

Chitsiriza, 12:52
zaka sikisi tsopano, kulikonse kumene ndaitanidwa ndimayamba ndadya kwanga, kukafika nkumanama kuti ndakhuta. kuukwati wa mnzanga ndinamwa madzi okha. inu nokha ndi amene ndinakutsatirani ndi njala

Achimwene, 12:53
uli pati? ndatuluka muofesi, ndikubwera

Achimwene, 13:10
alamu ako akuti watenga chikwama chako chachikulu

Achimwene, 13:34
ndili kudepoti. uli mu basi iti?
[wawerenga 13:34]