Lenzi ya Pabalaza pa Amayi

Lolemba, 5 Meyi

Nyumba ya amayi yagulitsidwa. Achemwali asayina lero. Makiyi tipereka pakutha pa mwezi. Amayi akakhala kwa achemwali komweko, poti kugwa kawiri m'bafa si masewera.

Ine pa nkhani yonseyi ndathandizapo chiyani? Maganizo. Ndinatsutsa, ndinakwiya, kenako ndinapita kukamwa tiyi. Mwana wamwamuna yekhayo ameneyo.

Potsanzikana amayi anandikokera pambali. "Iwe, chikamera chako chofunda nsalu chija. Undijambulire pabalaza pano, ine ndili pampando wanga. Ponse, osati mutu wanga wokha." Ndinavomera msangamsanga ngati andipatsa unduna. Zaka zonsezi ndi kamera imeneyi ndajambula mitengo, milatho, chitseko cha galaja ya eni ake. Wachibale sanandipemphepo kanthu. Mpaka lero.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndinaweruka msanga ku ofesi. Kamera kumsana, miyendo yake itatu paphewa. Kukayesa.

Manyazi. Ndinaiimika pakona, msana wanga utagunda khoma, n'kufunda nsalu. Pagalasi la kumbuyo, chadodolido monga mwa masiku onse: kabati ya mbale, theka la wotchi, phewa limodzi la amayi. Basi. Lenzi yanga ya mamilimita 150 imaona ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi. Kobwerera m'mbuyo kulibe. Ndinayesa kuimira panja, pazenera. Zitsulo zokhazokha.

Ine amene ndimadyera kujambula mapu a malo a anthu ena, sindinkadziwa kuti chipinda chimene ndinakuliramo n'chaching'ono chonchi. Mmene tinkakwaniramo tonse ndi alendo omwe, kaya.

Amayi ali chiwongokere pampando, atavala ndolo. "Watha?" Ndinati kuwala sikuli bwino lero. Dzuwa lili phwee.

Achemwali akukulunga makapu m'nyuzipepala, osatukula mutu: "Foni yanga imatenga chipinda chonse, ndi denga lomwe." N'zoona. Ndinayamba kuwafotokozera kuti filimu yanga ndi yaikulu ngati chikhatho, kuti ulusi uliwonse wa nsalu ya patebulo udzaoneka. Anandiyang'ana ngati ndikugulitsa mankhwala m'basi.

Ikufunika lenzi yoona motambalala. Ya 90.

Loweruka, 10 Meyi

Tsiku lonse pa intaneti. Kapinga panja wafika m'mawondo.

Zilipo zitatu. Yoyamba yowala, yaikulu ngati sosala, yokongola moti ndinaikulitsa pa sikirini n'kumangoiyang'ana. Mtengo wake ndi malipiro anga onse, osatsalako ndi ya sopo. Yachiwiri yotchipa, kakang'ono ngati chitsekero cha botolo, koma akuti chithunzi chake sichifika m'makona a filimu. Ukasuntha pang'ono, ngodya zonse bii. Yachitatu ya pakatikati, koma ili kunja kwa dziko. Idzafika eni atsopano atapenta kale nyumba.

M'gulu la pa foni la anthu odwala matenda angawa, aliyense ndi profesa. Wina akuti usagule yotchipa, udzalira. Wina akuti yodula n'kutaya ndalama, chofunika ndi diso. Wina watumiza chithunzi cha mphaka wake.

Mayi a ana anadutsa kumbuyo kwanga, anaona mtengo wa yoyamba ija. Anangopita kukatseka firiji ndi bondo, kawiri, mwamphamvu. Labala la pachitseko linatha chaka chatha. Ndamva.

Lachiwiri, 13 Meyi

Mnzanga wa ku ofesi anandilozera kwa bambo wa mawotchi, kuseri kwa pokwerera mabasi. Kashopu kongokwana iye ndi fungo la mafuta a makina. Amasunganso makamera a anthu amene anatseka masitudiyo awo.

Anaitulutsa m'sokosi. Ya 90, yakale kuposa ine. Galasi loyera, kupatula kachuku m'mphepete konga phazi la kangaude. Chotsekera chake, chimene chimalowetsa kuwala pojambula, ukachitchera kuti chichedwe chimayenda ngati nkhalamba pamasitepe: chiyamba, chipuma, chiganiza, chimaliza.

Ndinayesetsa kuoneka wodziwa. Kuunika ndi tochi ya foni, kugwedeza mutu, "mmm" wautali. Zonse zowerenga Loweruka. Bamboyo anati: "Ndi yamdima imeneyi, bwana, ndikuuzirenitu. Mwini wake ankati pojambula amayamba wapemphera." Ndinafunsa ngati imadzaza filimu yonse. Akuti kaya, iye ndi wa mawotchi.

Ndinanenerera. Anatsitsa pang'ono kwambiri moti tonse tinaseka. Ndinati ndikaganize kaye. Ndinaganiza mpaka pakona, n'kubwerera. Yapita ndalama ya labala la firiji, yapita ya nsapato zanga.

Kunyumba ndanena kuti ndikangojambula ndiigulitsa. Mayi a ana: "Ngati mmene munagulitsira njinga yolimbitsira thupi ija?" Njingayo ili m'khonde, timayanikapo matawulo.

Komabe ndaiika patebulo pano. Ndikungoitsekula n'kuitseka. Mwana weniweni.

Lachisanu, 16 Meyi

Vuto latsopano. Lenzi yotereyi imafuna kukhala pafupi kwambiri ndi filimu. Mvukuto wa kamera ndaufinya mpaka kulira, koma sikufika. Pagalasi zonse mbuu. Ndinakhala pansi pakhonde, lenzi m'manja, n'kumaganiza nkhope imene ndingapite nayo kwa bambo wa mawotchi.

Maprofesa aja panalibe ndi mmodzi yemwe wondichenjeza. Ndawafunsa tsopano, onse akuti zimenezo n'zodziwikiratu.

Pakufunika kathabwa kolowa m'kati ngati kambale, kuti lenzi ikhale chakumbuyo. Kopangidwa kale kakudula pafupifupi ngati lenziyo. Mbuzi yotchipa, chingwe chodula.

Amayi aimba foni. Akufunsa ngati kuwala kwakhala bwino.

Lamlungu, 18 Meyi

Kwa alamu, amuna a achemwali, m'shedi yawo yopalira matabwa. Koyamba tinapanga kozama kwambiri, zala osalowamo kuti nditchere chotsekera. Kulakwa kwanga. Kachiwiri alamu anaboola bowo chammbali. Kulakwa kwawo, ndipo ndinasangalala kuposa mmene ndinayenera. Kachitatu: chivindikiro cha chitini cha penti, kathabwa kopyapyala, penti wakuda. Chikuoneka ngati msampha wa makoswe. Koma ndinaloza pamulu wa matabwa, zonse ngwee. Tinagwirana chanza ngati tamanga mlatho.

Ndikanangopita kwathu pomwepo.

Pa tiyi ndinayambanso zanga, zoti nyumba tagulitsa mothamanga, zoti malemu bambo anaimanga ndi manja awo. Achemwali anaika kapu pansi bwinobwino. "Tsiku limene amayi anagwa, anawatola ndani? Anagona nawo kuchipatala ndani? Iwe unabwera ndi malalanje." Alamu anayamba kuyang'anitsitsa m'kapu mwawo.

Malalanjewo analidi malalanje.

Ndikutuluka, achemwali: "Lole ikubwera Loweruka m'mawa. Sindidikira kuwala kwako."

Lachitatu, 21 Meyi

Ndayesa filimu imodzi m'khitchini mwathu. Kutsukira m'bafa, thawulo pansi pa chitseko, ana akugogoda kuti zawathina.

Makona akuda pang'ono, osati bii. Ndingapirire. Koma m'munsi mwa chithunzi muli chinthu chachikulu chosaoneka bwino, ngati lilime. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyamba kutukwana bambo wa mawotchi chamumtima. Kenako ndinazindikira. Ndi thabwa lakutsogolo la kamera yomweyo. Lenzi ikuona motambalala mpaka kamera ikudzijambula yokha. Ndiyenera kuliweramitsa. Pepani, bambo wa mawotchi.

Firiji yatuluka bwino zedi, ndi mpata wa pachitseko womwe. Mayi a ana akuti ndiwasindikizire chachikulu, apachike kumutu kwa bedi, mbali yanga.

Filimu zatsala zitatu. Zina zikanafuna kuitanitsa.

Lachisanu, 23 Meyi

Ndinapempha tchuthi. Ndinafika m'mawa n'kupeza makatani atachotsedwa, zithunzi zapakhoma zili m'katoni, kabati yopanda kanthu. Koma amayi anali atayamba kale kulamula. Chilichonse chibwerere pamalo pake. Achemwali anakwera pampando kubwezera makatani amene anachotsa okha dzulo, milomo ili chitsekere. Ine ndinabwezera mbale m'kabati. Amayi: "Zamaluwa pamwamba. Unakulira kuti iwe?"

Pansi pa nsalu, mdima wa m'dzenje. Bambo uja sananame. Zenera lokha ndi limene linkaoneka. Ndinawapatsa amayi tochi kuti aigwire pachifuwa, ndione poloza. Kanyenyezi kamodzi pagalasi. Ndinapotokola mpaka kanathwa. Thukuta m'maso, msana ukulira.

Chotsekera sindinachikhulupirire. Ndinati nditsekula ndekha, ndiwerenge chamumtima, nditseke. Amayi asasunthe mpaka nditanena.

Yoyamba: ndili pakati powerenga, amayi anatembenuka. "Kupuma ndi kololedwa?" Yapita.

Yachiwiri: zonse bwino, amayi ngati mwala. Ndinatseka monyadira. Pochotsa ndinaona kuti kachitseko kotchinga filimu sindinakasolole. Ndajambula mdima. Filimu sinawonongeke, koma pofuna kutsimikiza ndinakasolola kachitsekoko poyera, dzuwa lili ngwee. Tsopano inawonongeka. Sindinauze munthu.

Yotsiriza. Amayi anaitana achemwali kuti aime kumbuyo kwa mpando. Iwo anakana, akuti taonani mmene ndilili, epuloni, fumbi m'tsitsi, selotepi padzanja ngati chibangili. Amayi anati: "Ndiwe amene. Ima apa." Anaima. Anaika dzanja paphewa la amayi.

Ndinasolola kachitseko. Ndinakayang'ana m'manja mwanga kuti ndatulutsadi. Ndinatsekula.

Zii. Wotchi yokha. Sindinamvepo nyumba imeneyi ili chete chonchi. Achemwali ankayang'ana lenzi osaphethira, misozi ikutsika, osaipukuta poopa kusuntha. Ndinatsala pang'ono kuiwala kutseka.

Nditatha, achemwali anangoti: "Tingapakire tsopano, abwana?" Ndinapakira nawo mpaka dzuwa kulowa. Makatani ndinachotsa ine.

Loweruka, 24 Meyi

Lole. Kabati ija ndi yolemera kuposa mmene imaonekera. Pakhoma patsala chithunzi chake, penti woyera bwino, mtundu umene nyumba inali nawo ndili mwana.

Amayi anakwera kutsogolo, chikwama pamiyendo. Sanacheuke.

Msana. Filimu ili m'dirowa. Sinditsuka lero.

Loweruka, 31 Meyi

Makiyi aperekedwa. Eni atsopanowo ndi anthu abwino, ali ndi ana aang'ono. Akuti agumula khoma la pakati.

Filimu ikadali m'dirowa. Ikakhala mmenemo, chithunzicho n'chabwino.

Lachitatu, 4 Juni

Mayi a ana anatenga ana kupita nawo kwa anansi, n'kundisiyira thawulo pakhomo la bafa. "Tsukani, mwatitopetsa ndi kuusa moyo."

Chilipo.

Ndinachikweza pazenera chikudontha. Makatani onse awiri, kabati, wotchi, tebulo, chitseko cha kukhitchini, ngakhale kachingwe ka nyale. Amayi pakati, achemwali kumbuyo. Makona akuda pang'ono. Thabwa la kamera mulibe. Ndinakhala pamphepete pa bafa nthawi yaitali. Munthu wamkulu, wa imvi, kulirira chidutswa cha pulasitiki.

Maprofesa sindiwaonetsa. Anena za makona.

Lamlungu, 8 Juni

Ndinasindikiza chachikulu, alamu anapanga felemu. Tinapita tonse.

Kachipinda ka amayi ndi kakuseri, kamene kanali kosungiramo katundu. Achemwali akapenta bwino, aikamo makatani omwe aja atawapinda m'munsi. Bedi, mpando, makatoni mpaka kudenga. Ukatsekula chitseko chimagunda bedi. Tinalowa atatu, ena anaima panja.

Amayi anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako: "Nyumba ya ndani iyi?"

Ndinayang'ana achemwali, iwo anayang'ana ine. Tonse tinaganiza chimodzi, kuti kugwa kuja kwayamba kufika kumutu.

Ndiye amayi anayamba kuseka, mpaka kutsokomola. "Bwalo lonseli ndinkakolopa ndekha? N'chifukwa chake msana unatha. Tinali olemera, ana inu, osadziwa." Zoonadi. Lenzi yakankhira makoma kutali. Tebulo latalika ngati la pa msonkhano, kuchoka pampando kukafika pazenera ngati pofunika kukwera njinga. Zonse ndinawerenga pa intaneti, koma izi panalibe anandiuza.

Anayendetsa chala pagalasi. Apa bambo anu ankakhala akusoka nsapato zanu. Apa iwe unathyola dzino. Mbale yamaluwa iyi ndi yong'aluka, taonani, ming'alu yake yaoneka. Atafika pankhope ya achemwali chala chinaima. Achemwali anati akukaona madzi pamoto.

Tikutsanzika, amayi anandigwira dzanja. "Ubwerenso nacho chikamera chako. Ujambule kachipinda kano. Mwina nako kakula."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Achemwali anali pakhomo ndi thireyi ya tiyi, anamva zonse.

Panja alamu anandizungulitsa kuseri. Akuti khoma la uku likhoza kusunthidwa, malo alipo mpaka pampanda, zenera lalikulu lingalowe. Akhala akukambirana kuyambira tsiku la lole, chikuvuta ndi zipangizo. Ndinadzikonza pakhosi, n'kunena kuti pulani ndijambula ine, mwaulere.

Achemwali, ali pazenera la kukhitchini: "Pulani tili nayo. Iwe ubwere ndi simenti."

Loweruka, ndiye kuti. Ndi zovala zogwirira ntchito. M'basi pobwerera mayi a ana anangondigwira bondo, osatchula za lenzi. Mawa ndikafunse mtengo wa thumba limodzi, ndipo ndisati "mmm."