Mgolo wa Chinangwa Wasamukira kwa a Sibongile

Amake Esme,

Mukabwera kuchokera ku kwaya musakuwe kuti kunabwera akuba. Wakuba wake ndi khwawa lija munkandiletsa kumangamo khitchini. Ine ndinkati linauma kalekale, koma lero ladzuka.

Mvula itakula, madzi analowa m'khitchinimo ngati eni ake n'kunyamula mgolo wanu wa chinangwa chimene munaviika chija. Ndinauthamangira mpaka patapata mmodzi kutsala m'matope. Mgolowo wakaima bwinobwino pabwalo la a Sibongile kumunsiku, osatayako ndi chinangwa chimodzi chomwe. Iwo akuti, "Chobwera ndi madzi n'cha wotola, bambo. Nkhuni za kugombe sititero kodi?" Abakha athu anautsatira okha, ndipo zikuoneka kuti kumeneko kwawakomera.

Ndabwererako kukawanyengerera, apo ayi mwezi uno kondowole timumvera fungo kwa anzathu. Ndatenga usipa uja munasungira amayi anu. Pepani, koma munthu sapita chimanjamanja ngakhale akukapempha katundu wake yemwe.

Inu kwezani ufa ndi matiresi pathebulo, chifukwa cha ku Mozambique kwadanso bii. Esme asasewere m'khwawamo, angakapezekenso kwa a Sibongile, ndipo usipa wina woombolera mwana ndilibe.

Mawu aja akuti "ndinakuuzani" musawawonongere pa anthu a ku kwaya. Ndisungireni, ndidzawamva madzulo nditakhala phee pafupi ndi mafuwa, ngati mafuwawo tiwapeze.

Ndine mmisiri wanu wa m'khwawa,
Jeremy