Lipenga la Ochammal

Lachiwiri, 7 Meyi

Mokkarasu, mwana wa Sevathan, wa kutsidya kwa dziwe. Ndayamba ndi dzina lake chifukwa pakamwa limandikanika. Pa pepala palibe chibwibwi.

Lero ku Madurai, kuchipatala. Mtima womwewo, mapiritsi omwewo. Popita kokwerera basi ndinadzera msewu wa ogula zitsulo zakutha. Pa sitolo ya Sikkandar, pakati pa mafani akufa ndi mapoto obooka, lipenga la chimkuzamawu. Lalitali, lotuwa ndi fumbi, mlomo wake wopindika mbali imodzi. Ndinakhala pa thumba la misomali. Kupindika kuja ndikukudziwa. Linagwa pa ngolo chaka chimene mwana wanga Pandeeswari anabadwa, ndinaliwongola ndekha ndi nyundo yamtengo, silinawongoke bwino.

Langa. Limodzi mwa awiri aja.

Mtengo sindinafunse. Ukafunsa tsiku lomwelo wamalonda amakuona njala m'maso.

Tinali awiri pa ntchito ija. Ine manja, Mokkarasu pakamwa. Ine mawaya, ampulifaya, kusintha mbale za nyimbo. Iye kukwera mitengo ndi kulankhula pa maiki. Maukwati, zikondwerero za kukachisi, maliro. Tinkaitanana machan ngati anthu a pachilamu. Titasiyana iye anatenga malipenga, ine ndinatsala ndi ampulifaya. Zaka zapitirira makumi atatu.

Lachinayi, 9 Meyi

Ku Madurai kachiwiri. Kunyumba ndinati dokotala wandiitananso.

Sikkandar ngwochenjera. "Ayya, achikulire, ichi si chitsulo cha pa sikelo ayi. Anyamata a ku Bangalore akulimbirana zimenezi, amakaziika pabalaza ngati milungu." Ndinati ndiliyese kaye. Ndinamasula mutu wake wa kumbuyo, umene timati yuniti, n'kukhudzitsa mawaya ku batire la tochi. Thi. Kamawu kochepa ngati nsabwe yophedwa pa chikhadabo. Lili moyo. Nkhope ndinaiumitsa, koma ndinakhudzitsanso mawaya aja kachiwiri, ndipo Sikkandar anaona.

Zapita ndalama zonse zimene ndinkasungira nkhuni za maliro anga. Adzandiwotche ndi ndowe zouma, phulusa ndi limodzi.

Ndinafunsa amene anabwera nalo. "Mwana wa mkulu wina wa kwanu komweko. Akuti alipo awiri, koma linalo bambo ake anakaniza, amagona nalo m'chipinda."

Pa basi linakwera padenga pamodzi ndi madengu a anyezi. Kondakitala uja: "Ayya, mukukadzutsa akufa kapena mukukagonthetsa amoyo?" Yankho ndinali nalo labwino. Basi inafika ku Usilampatti lidakali pakhosi.

Lachisanu, 10 Meyi

Pandeeswari analiona pakhonde. "Appa, mapiritsi akatha mudzameza chitsulochi?" Kenako anandiikira mpunga ndi msuzi wa bwemba osandiyang'ana.

Tsiku lonse kupala penti ndi kampeni. Pamwamba, zofiira: MOKKARASU. Pansi pake, zabuluu, dzanja langa lomwe, zilembo zopendekeka: OCHAMMAL. Tinatcha seti yathu ya zokuzira mawu dzina la mkazi wanga chifukwa ndolo zake ndi zimene zinagula malipengawo. Pandeeswari anawerenga, n'kupita kuseri kwa nyumba. Anakhalitsa kumeneko. Mayi ake amawakumbukira tsitsi lokha, akutero.

Ochammal anamwalira m'mawa, mwezi ngati uno, wa kutentha ndi maukwati. Malungo a masiku ochepa. Ine ndinatsala kumudwazika, seti yonse inapita ndi Mokkarasu ku Cumbum, pa ukwati wa mwana wa mwini minda ya mphesa. Ndinatuma munthu pa basi kuti akamuuze abwere ndi lipenga, tilengeze maliro. Anabwerako ndi mawu awa: "Kamuuzeni machan kuti wakufa samva nyimbo. Ukwati ukatha ndibwera."

Foni kunalibe. Maliro tinkalengeza ndi lipenga lomangidwa pa ngolo, kuzungulira midzi, kuti amve ndi amene ali pakati pa nzimbe. Tinalengeza maliro a chigwa chonsechi, a olemera, a ochapa zovala, ngakhale a wamisala uja wa pamsika, ulere. A mkazi wanga, zii. Wa njinga amene ndinamutuma kwawo ku Mettupatti anapeza zitseko zokhoma, anthu onse ali kuminda. Kutentha kuja mtembo sudikira. Operekeza anali ochepa moti onyamula sanapeze owalandira. Mayi ake a Ochammal anafika dzuwa likulowa n'kupeza phulusa likufuka. Sanandilankhulenso mpaka kufa kwawo.

Mokkarasu anabwera mkuja wake, nkhata ya maluwa ya ku ukwati idakali pa njinga.

Lolemba, 13 Meyi

Ndatsitsa ampulifaya pamwamba pa kabati. Yakhala yokulungidwa m'sari, nsalu yobiriwira ya Ochammal, chisiyanirane ndi Mokkarasu. Sindinaiyatsepo ngakhale kamodzi. Ampulifaya ya mababu sayatsa ilibe lipenga. Mphamvu ikasowa kotulukira imabwerera m'kati n'kuwotcha thiransifoma. Lamulo loyamba limene ndinaphunzira, ndisanadziwe n'kulemba komwe dzina langa.

Nyumba za mavu m'kati. Fungo la fumbi ndi phula. Ndapukuta miyendo ya mababu umodziumodzi. Ndalumikiza lipenga kaye, kenako magetsi kudzera m'babu la m'nyumba, kuti idzuke pang'onopang'ono ngati wodwala amene wayamba kumwa phala. Mababu anayamba kufiira. Limodzi lokha la pakona, bii.

Ku Theni kwa Jebamani wokonza mawailesi. Wakalamba naye, mano atsala awiri. "Angusamy, anthu akumvera nyimbo m'thumba la malaya, iwe ukufukula manda?" Anafufuza m'chitini cha mabisiketi n'kupeza babu lofanana. Ndalama anakana. Akuti ndikaliza ndidzatembenuzire kwawo.

Pokwera masitepe a basi chifuwa chinathina. Sindinauze munthu.

Lachiwiri, 14 Meyi

Babu lagwira. Ndinayesa motsitsa kwambiri, lipenga litagona pakhonde, nsanza m'kamwa mwake. Kulira kwa magetsi kulipo pang'ono, ndasuntha waya wa pansi, kwachepa. Singano yakale, mbale zili ndi mikwingwirima, komabe.

Ndapempha mkamwini wanga Thavamani kuti alimange pa bwemba wa kutsogoloku. Akukana. "Apolisi analetsa malipenga amenewa, mukufuna ndikagone m'chitokosi chifukwa cha nyimbo za makedzana?" Pandeeswari anamuyang'ana kamodzi. Akuti Lamlungu, kanthawi kochepa.

Lamlungu, 26 Meyi

Lamlungu lija linandipeza pa bedi la chipatala. Ndinagwa kubafa. Zimene dokotala ananena sindinamve, anaitanira Pandeeswari pakhonde. Pobwera anali akumwetulira kwambiri, n'kundigulira malalanje. Ndamva.

Lero Thavamani wakwera bwemba osapemphedwa kawiri. Anamanga molozetsa pansi ngati mpopi. Ndinachita kumulozera ndi ndodo: kweza mlomo, mawu adutse pamwamba pa madenga, chingwe chidzere kumbuyo kwa khosi, yuniti uikute ndi chitini kuopa mvula. Mfundo yake ndi ya mbuzi, koma yagwira.

Ndinayamba ndi mbale ya kukachisi monga tinkachitira. Mawu aja. Mabokosi akuda a masiku ano amangogunda pamimba. Ili limayenda, limawoloka dziwe, limakagunda phiri n'kubwerako mochedwa pang'ono, ngati munthu wina akuyankha. Akhwangwala anabalalika. Ndinatseka maso, ndinali mnyamata wa tsitsi lopaka mafuta, Ochammal akubwera ndi khofi m'kapu yachitsulo, akudandaula kuti ndimakonda mababu kuposa iye.

Nditatsegula maso, pachipata panali amayi okalamba atafunda kumutu. "Wamwalira ndani?" Ndi chimene lipenga limatanthauza kwa iwo tsopano.

Ndinaganiza kuti nthawi yake ndi yomweyi. Mwini maliro salengeza yekha, ndikudziwa, koma ndinatenga maiki. Ndinafuna kungonena dzina. Chimene chinatuluka pamwamba pa mudzi wonse, mpaka kuphiri n'kubwerako: O, o, o, o. Kusitolo ya tiyi kunamveka kuseka. Pandeeswari anandilanda maiki mofatsa ngati akulanda mpeni kwa mwana.

Ndazimitsa. Mababu amachedwa kuzizira.

Lachiwiri, 28 Meyi

Kagalimoto ka katundu pachipata. Chinnapandi, mwana wa Mokkarasu, yemwe anagulitsa uja. Imvi zayamba naye. Kumbuyo, pa udzu, lipenga linzake, lopukutidwa bwino, lopakidwa kadontho ka phala lonunkhira la mtengo wa sandalo pamlomo ngati likupita ku chikondwerero.

"Ayya, Appa anamva Lamlungu. Anadzuka pa mphasa n'kunena kuti limenelo ndi lakumanzere, lili ndi kachifuwa kake. Usiku sanadye. Akuti tengani linzakeli, ndi lanu kuyambira kale."

Ndinafunsa za thupi lake. Maso anafa, miyendo yotupa, shuga. Ndinafunsa za mawu. Anaseka. "Mawu okha ndiye alipo. Akaitanitsa khofi amamva ndi a kuseri kwa kachisi."

Sindinalole kuti alitsitse. Labwerera pa udzu wake womwewo.

Pandeeswari wakwiya. "Appa, munthu wapepesa. Mukufuna akwawe?" Chitsulo sichipepesa. Wanditumizira chimene chinali changa kale, ndiye ndithokoze? Ndikanalilandira akanagona tulo lero, nkhani n'kuthera pa kagalimoto.

Koma kachifuwa kaja ndi zoona. Palibe wina padziko amene angakamve, koma iye ndi ine.

Lachitatu, 29 Meyi

Mpweya ukuperewera. Phala ndamwa theka. Thavamani akuti wapolisi wafunsa kale za bwemba, lipenga litsike Loweruka.

Ndaitana Pandeeswari kuti mawa apite kutsidya yekha, osatuma mwamuna wake. Ndamubwerezetsa mawu kawiri kuti asakawafewetse.

Sindikufuna lipenga. Sindikufuna kupepesa, kapena kugwirana manja pamaso pa akuluakulu. Pa maliro anga asabwere ngati safuna.

Abwere ndidakali kumva. Amunyamule ngati sayenda, mpando ulipo pansi pa bwemba. Thavamani atembenuze lipenga liloze ku Mettupatti. Ine ndiyatsa, ndidikira mababu afiire, ndikweza mpaka pamapeto. Iye agwire maiki, agogode kawiri ndi chala monga ankachitira, anene ndi mawu ake aja a maliro, katatu, mosathamanga:

Ochammal, mkazi wa Angusamy wa seti, mwana wa Virumayi wa ku Mettupatti, watisiya lero m'mawa. Abale ndi onse omudziwa, siyani zimene mukuchita, bwerani.

Anene kuti lero. Asasinthe.

Wakufa akumva kapena sakumva, zimenezo aweruze ndine, osati iye.

Pandeeswari wafunsa kuti nanga anthu akabweradi tidzawapatsa chiyani. Ndati agule khofi ndi shuga. Wambiri.